Liwu Limodzi, Matanthauzo Ambiri

Wophunzira, pamene mukuzukuta ndakatulo kapena nkhani yaifupi, musathamangire tanthauzo loyamba la liwu limene labwera m'mutu mwanu. Ambiri amataya malikisi pa mayeso a MSCE chifukwa cha vuto limeneli. Liwulo amalidziwa ndithu, koma salabadira mawu ena amene alizungulira.

Tiyambe ndi chitsanzo cha m'Chingerezi, chiyankhulo chimene mumaphunziranso kusukulu. Liwu loti "run" munaliphunzira kupulayimale kuti limatanthauza kuthamanga. Komatu Angerezi amagwiritsa ntchito liwu lomweli ponena za madzi oyenda mumtsinje, injini yolira, munthu woyendetsa bizinesi, wandale wopikisana nawo pachisankho, ngakhalenso mphuno yotuluka mamina. M'chaka cha 2011 akonzi a mtanthauziramawu wa Oxford English Dictionary anapeza kuti liwuli, likakhala mneni, lili ndi matanthauzo 645. Apa linaposa liwu loti "set" limene mu kope la 1989 linali ndi matanthauzo 430. Mngerezi sasokonezeka ndi matanthauzo onsewa chifukwa mawu oyandikana nalo ndi amene amamuuza tanthauzo loyenera.

Chichewa nachonso chili ndi mawu otere. Taganizirani mneni woti "kudya". Mwana amadya phala, wosewera bawo amadya mnzake, dzimbiri limadya khasu, ndipo msungichuma wosakhulupirika amadya ndalama za gulu. Poyankhula timasankha tanthauzo limodzi. Koma mlakatuli waluso amatha kusunga matanthauzo angapo nthawi imodzi. Onani ndime iyi imene ndakulemberani ngati chitsanzo:

Anadya pamene ife tinkalima,
Anadya mpaka mjigo unauma,
Lero dzimbiri likudya zitsulo zake,
Ife tikumwa pachithaphwi.

Mumzere woyamba, tikhoza kuganiza kuti akunena za aulesi amene ankadya nsima anzawo ali kumunda. Mzere wachiwiri ukutikakamiza kusintha maganizo. Kodi kudya nsima kungaumitse mjigo? Ayi. Choncho chimene chinadyedwa ndi ndalama zokonzetsera mjigowo. Tikabwereranso kumzere woyamba, tikuona kuti olimawo ndi amene anasonkha ndalamazo. Mumzere wachitatu, kudya kukutanthauza kuwononga pang'onopang'ono. Apa mlakatuli akufanizira atsogoleri aja ndi dzimbiri, ngakhale sanagwiritse ntchito mawu oti "ngati" kapena "monga". Mzere womaliza mulibe kudya. Anthu wamba atsala ndi kumwa basi, ndipo akumwa madzi auve.

Tsono mukafunsidwa kuti "Kodi mawu oti 'anadya' akutanthauzanji mumzere wachiwiri?", yankho loti "anameza chakudya" n'lolakwa. Yankho loyenera n'loti anaba kapena anasakaza ndalama za chitukuko. Mukafunsidwa za phunziro la ndimeyi, nenani kuti katangale amazunzitsa anthu osalakwa, ndipo perekani umboni wochokera mumzere womaliza.

Komabe si nthawi zonse pamene kubwereza liwu kumakhala luso. Alakatuli ena amabwereza liwu pofuna kungodzaza mzere. Njira yoyesera ndi iyi: chotsani liwulo, ikanipo lina lofanana nalo. Tikalemba kuti "Anaba mpaka mjigo unauma", uthenga ukumvekabe, koma ubale wa akubawo ndi dzimbiri watha. Izi zikusonyeza kuti "kudya" likugwira ntchito yeniyeni. Mukasintha liwu ndipo palibe chatayika, ndiye kuti kubwerezako kunali kopanda phindu, ndipo muli ndi ufulu wonena choncho pozukuta, malinga mupereke chifukwa.

Pokonzekera mayeso, tengani liwu loti "mutu". Lembani ziganizo zisanu, chilichonse chikhale ndi tanthauzo lakelake. Kenaka tsegulani buku lanu la ndakatulo, pezani liwu limene labwerezedwa, ndipo liyeseni ndi njira imene taona pamwambayi.