Matanki Akadzaza, Lamulo Limadzuka

Pa 15 Epulo 2024, chigawo cha Vermont, kumpoto chakum'mawa kwa America, chidayamba kugwiritsa ntchito ndime zatsopano m'malamulo ake a nyanja ndi madamu. Ndimezo n'zazifupi, koma anthu adazikanganira zaka ziwiri. Zikunena za maboti amene amamwetsedwa madzi dala kuti alemere, alowe pansi, n'kumasiya funde lalikulu kumbuyo loti munthu wokwera thabwa azidumphirapo kapena kutsetserekapo.

Olemba adayamba ndi kufotokoza boti lomwe akulinena. Dzina la kampani mulibe, kutalika kwa boti mulibe, ngakhale mphamvu ya injini sadaitchule. Adangoti ndi boti la injini lokhala ndi thanki kapena matumba a madzi olemetsa, kapena zida zina, kapenanso kapangidwe kena kalikonse kokuzira funde. Kuti timve bwino chiganizo chimenechi tiyenera kuona kaye zimene eni maboti amachita akangokankhira boti m'madzi.

Boti loyenda limakankha madzi, ndipo likalemera limakankha ambiri, funde n'kukula. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye masamu ake savuta. Maboti amakono amamwa madzi opitirira tani imodzi, ena kufika matani awiri, mapampu akuwakoka m'nyanja momwemo kwa mphindi zochepa. Amakonda madzi kusiyana ndi mtovu kapena mchenga chifukwa masewera akatha amangowataya, komanso boti litati lamira, thumba la madzi silingalikokere pansi monga chingachitire chitsulo. Koma kuchuluka kokha sikupanga funde labwino. Luso lagona pa malo oika. Wosewera wakeboard amakokedwa ndi chingwe cha mamita 20 kapena kuposerapo pang'ono, boti likuthamanga makilomita pafupifupi 35 pa ola, ndipo amafuna mafunde awiri ofanana, lakumanzere ndi lakumanja, poti amanyamuka pa lina n'kukatera kuseri kwa linzake. Boti likapendekera mbali imodzi, funde la mbali yopepukayo limachita thovu, mlomo wake n'kugumuka. Woyendetsa amayang'ana pagalasi n'kuuza mnzake kuti, "Tasunthira uko," mpaka thovu lithe. Madzi akachuluka kumbuyo, funde limaima njo, limamuponya munthu m'mwamba mwadzidzidzi, koma mphuno ya boti imadzuka, woyendetsa saona bwino kutsogolo, ndipo injini imalira nthawi yaitali boti lisanayambe kuyenda pamwamba pa madzi. Akaonjezera kutsogolo, funde limafatsa n'kutambasuka. Oyamba kumene amapeza bwino matanki akakhala opanda kanthu, kapena atadzazidwa pang'ono chabe.

Tibwerere ku chiganizo chija, makamaka mchira wake wonena za zida zina ndi kapangidwe kena. Apa m'pamene pakuonekera kuti olemba adawadziwa mabotiwa. Kuchokera kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene makampani adayamba kumangira matanki m'boti momwemo, njira zokuzira funde zakhala zikuchuluka. Kampani ya Malibu ili ndi chitsulo chonga phiko chotchedwa Wedge, chimene chikatsitsidwa m'madzi chimakokera kumbuyo kwa boti pansi ngati mwaikidwa katundu, chonsecho simudalowe dontho. Mu 2012 kampani yomweyo idatulutsa Surf Gate, timapiko ta m'mbali tomwe timapotoza madzi kuti funde likule mbali imodzi. Lamulo lotchula matanki okha likadakalamba lisanasindikizidwe n'komwe. Ili lidasiya khomo lotsegula kuti chida chimene mainjiniya sadachiganize nachonso chidzalowe.

Ndime yachiwiri ndi imene ndimaiona kuti ndi mtima wa lamulo lonse. Siletsa botilo. Imafotokoza masewera, ndipo imati masewerawo alipo pamene matanki, matumba kapena zida zija zikugwiritsidwa ntchito. Boti lomwelo, matanki ake ali gwa opanda madzi, ndi boti wamba: mwini wake atha kukawedza nalo, kuyendetsa ana, ngakhale kukoka munthu pachingwe panyanja iliyonse yololeza maboti a injini othamanga. Akangodina batani pampu n'kuyamba kulira, lasanduka chinthu china pamaso pa boma. Kaganizidwe kameneka n'kolondola, chifukwa chimene chimagumula gombe ndi funde, ndipo kukula kwa fundelo amasankha ndi woyendetsa. Vuto lake n'lakuti chinthu chimene lamulo latsamirapo chili pansi pa mipando ndi pansi pa matabwa opondapo. Woyang'anira nyanja ataima kumtunda sangaone za m'thanki. Amangoweruza ndi maso, kuona mmene boti lakhalira m'madzi.

Ndimeyi imasiyanitsanso wachingwe ndi wopanda chingwe. Wotsetsereka kumbuyo kwenikweni kwa boti atasiya chingwe, zimene amazitcha wakesurfing, ali m'manja mwa lamulo ngakhale matanki akhale opanda kanthu. Wachingwe amalowamo pokhapokha zida zikamagwira ntchito. Kusiyanitsaku kuli ndi chifukwa. Pa wakesurfing boti limayenda pang'onopang'ono, makilomita 17 kapena 18 pa ola, silikwera pamwamba pa madzi, limangolima, ndipo funde lake ndi limene limakula kwambiri. Koma pomwepa pali kampata. Anthu khumi akuluakulu amalemera makilogalamu 700 kapena 800, ndipo aliyense wodziwa masewerawa amadziwa kuti anzako ndi katundu wolemetsa wabwino zedi, woti umangomuuza pokhala. Munthu si thanki, si thumba, si chida. Malinga ndi mmene mawuwo adalembedwera, boti lodzaza abale likukoka wachingwe, matanki osadzaza, silikuchita masewera amene lamulo likunena, ngakhale funde lake litakula ndithu.

Kenako, monga lamulo lidalembedwera mu 2024, pakubwera manambala atatu ofunika kwambiri. Masewerawa aziseweredwa pamalo osachepera maekala 50 olumikizana, otalikirana ndi gombe mapazi 500 mbali zonse, pomwe madzi ndi akuya mapazi 20. M'mamita, ndiye kuti pafupifupi 152 kuchoka kugombe ndi 6 kupita pansi. Nambala iliyonse payokha ikuoneka yofatsa. Mphamvu yake ili pa mawu akuti zonse zitatu zikwanire pamalo amodzi. Tayerekezani nyanja yobulungira bwinobwino. Maekala 50 apakati amafuna mapazi pafupifupi 830 kuchoka pakatikati kufika m'mphepete mwake. Kuonjezapo mapazi 500 aja, nyanjayo iyenera kukhala ya maekala pafupifupi 128, yotambalala mamita oposa 800, ndipo pakati ponsepo pakhale pakuya. Nyanja zenizeni sizikhala zobulungira. Zambiri za ku Vermont n'zazitali koma zopapatiza, zina zili ndi zilumba ndi malo osaya. N'chifukwa chake pa nyanja ndi maiwe oposa 800 a m'chigawochi, nyanja za mkati zimene zidakwanitsa zidali 30 zokha. Nyanja zikuluzikulu za m'malire, Champlain ndi Memphremagog, manambalawa sazikhudza.

Pa atatuwa, 500 ndi imene idautsa mapiri pachigwa. Gulu la anthu okhala m'mbali mwa nyanja lotchedwa Responsible Wakes for Vermont Lakes, lomwe lidapereka pempho ku boma mu 2022, lidafuna mapazi 1,000. Opanga ndi ogulitsa maboti amalimbikitsa mapazi 200, mtunda umene malamulo akale a Vermont adaika kale kuti maboti onse aziyenda pang'onopang'ono akayandikira gombe. Chaka chomwecho cha 2022, akatswiri a St. Anthony Falls Laboratory pa University of Minnesota adatulutsa zotsatira za kuyeza mafunde a maboti anayi, awiri a masewerawa ndi awiri wamba. Adapeza kuti funde la boti la wakesurfing limafuna mapazi opitirira 500 kuti lifooke kufanana ndi la boti wamba pa mapazi 200. Onani kuti akatswiri adati opitirira, pomwe lamulo lidaima pa 500 penipeni. Boma lidatenga nambala ya m'munsi imene likadatha kuiteteza ndi umboni, ndipo mbali zonse ziwiri zidatuluka zikung'ung'udza. Kwa ine, amene adali ndi chifukwa chomveka chodandaulira ndi a 1,000 aja. Kafukufuku amayeza boti limodzi lodutsa kamodzi, koma tsiku lotentha maboti amapita n'kubwerera pamzere womwewo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mbalame yotchedwa loon, imene imamanga chisa m'mphepete mwenimweni mwa madzi, funde limodzi lokha ndi lokwanira kuimizira mazira.

Za mapazi 20 sizifuna mawu ambiri. Boti lolemera kumbuyo limaloza pulopela pansi, ndipo mphamvu ya madzi imavundula matope, kuzula zomera ndi kudzutsa fosiforasi amene adagona pansi, chakudya cha ndere.

Ndime yotsiriza siyang'ananso funde, iyang'ana madzi a m'thanki. Monga lidalembedwera mu 2024, lamulo lidati boti likhale ndi nyanja yakwawo imodzi pachaka, ndipo likafuna kukalowa ina liyambe latsukidwa. Amene adakhuthulapo chigubu amadziwa kuti pansi pamatsala timadzi ngakhale uchigwedeze bwanji. Matanki a boti ndi oposa apo, chifukwa sungawatembenuze, ndipo mapaipi ake amapindapinda. M'timadzi totsalato mumatha kukhala ana a nkhono zotchedwa zebra mussel, aang'ono moti maso sawaona. Nkhonozi zidapezeka mu Lake Champlain mu 1993, ndipo zikafika pamalo zimamatirira pamiyala, pamapaipi ndi pa nkhono zina mpaka kuzipha. Boti lomwe lamwa madzi ku Champlain Loweruka litha kukawalavula m'kanyanja koyera ka m'mapiri Lamulungu. Apa mwini boti wosamala amene amadzaza matanki mofanana, amene safika kugombe, amene funde lake silivutitsa munthu, ali pa mlandu umodzi ndi wosasamala, poti pampu ndi yomweyo. Kutsukako kumachitika ndi madzi otentha. Kunja kwa boti otsuka amathira a madigiri 60, koma m'matanki amatsitsa kufika pa 49, n'kuwasiyamo nthawi yotalikirapo, chifukwa otentha kuposa apo amaononga mphira wa m'mapampu.