Mabuku a Zoona ndi Kawerengedwe Kace

Mnyamata akatsiriza sukulu, kawirikawiri atsekera mabuku ace m'bokosi pamodzi ndi satifiketi. Akakhumba kuwerenga, afunafuna nthano yokha ya cikondi kapena ya mbala, nati mabuku a zoona ali olemetsa, oyenera ana a sukulu ndi aphunzitsi ao. Maganizo otere ali olakwa. Nthano ikondweretsa mtima usiku umodzi, koma buku lonena zimene zinacitikadi limpatsa munthu cakuyankha pa bwalo, pa maliro ndi m'munda.

Mabuku amenewa sali a mtundu umodzi ai. Alipo a mbiri, monga "Mbiri ya Acewa" ya Samuel Josia Ntara, ndi "Za Acewa" la E. B. Mwale, la mu 1952. Alipo a miyambo, monga "Maliro ndi Miyambo ya Acewa" la A. J. Makumbi, la mu 1955, ndi "Kukula ndi Mwambo" la J. W. Gwengwe, la mu 1965. Aliponso a zaulimi, a zaumoyo ndi a zakuthambo. Ambiri a m'Cinyanja anaturuka ndi cithandizo ca Publications Bureau, bungwe limene linakhazikitsidwa mu Lusaka mu 1948 kuti litumikire Northern Rhodesia ndi Nyasaland.

Buku la Ntara lionetsa bwino ubwino wa mabuku otere ndi kupereŵera kwace komwe. Ntara anayamba kumveka ndi "Nthondo", nkhani yopeka imene inapambana pa mpikisano mu 1933. Koma polemba mbiri sanapeke kanthu. Anasonkhanitsa mau a akuluakulu onena za Kalonga, za Undi, ndi za mafuko a Aphiri ndi Abanda. Akadacedwa, zambiri zikadaloŵa m'manda pamodzi ndi eni ace. Pa ici ayenera kuyamikidwa ndithu.

Komatu wowerenga asameze zonse osatafuna. Mkulu ali yense afotokoza mbiri mokweza mfumu ya kwao, ndipo zimene zinacititsa manyazi mbumba yace azilumpha. Ndiponso makolo sanali kuwerenga zaka ndi manambala, kotero kuti nkobvuta kudziŵa cimene cinayamba ndi cimene cinatsata. Ntara mwini anali wa ku Nyasaland, ndipo aona dziko la Acewa ali ciimire kumeneko. Munthu wa ku Katete kapena ku Chadiza acita bwino kuika buku la Mwale pambali pace, ndi kufunsanso agogo a m'mudzi mwao.

Apa ndi pamene kucuruka kwa mitundu ya mabuku kupindulitsa, pakuti lina litsekera mpata umene linzace lausiya. Angoni anasunga mbiri yakuti tsiku limene anaoloka Zambezi, motsogozedwa ndi Zwangendaba, dzuŵa linada usana. Akuluakulu sanathe kuchula caka. Koma odziŵa zakuthambo, amene atha kuwerengera m'mbuyo kayendedwe ka dzuŵa ndi mwezi, anapeza kuti kadamsana ameneyo anaoneka m'mwezi wa November mu 1835. Cikumbukiro ca nkhalamba ndi masamu a anthu ophunzira zinagwirizana, ndipo caka ca kuoloka kwa Angoni cinadziŵika. Wowerenga mbiri yokha sakadacipeza. Wowerenga za nyenyezi zokha sakadadziŵa kuti mdima uja unagwera yani. Zoonadi mutu umodzi susenza denga.

Cotero buku la zoona liyenera kuwerengedwa monga nduna imvera mlandu. Nduna yanzeru siweruza itamva mboni imodzi. Ifunsa kuti wonenayo ndani, anaona yekha kapena anangomva, ndipo apindulanji ponena cotero. Mafunso omwewo ayenera wolemba buku ali yense, Mzungu kapena Mcewa, pakuti kusindikizidwa sikusandutsa mau kukhala oona.

Wotsiriza sukulu amene aleka kuwerenga adzakhala womva za m'maluŵa masiku ace onse, wosatha kusiyanitsa mbiri ndi mphekesera. Tsiku lina pa bwalo padzabuka mkangano wa malire a munda kapena wa kuloŵa ufumu, ndipo anthu adzaceukira iye pokhala anapita ku sukulu. Pamenepo satifiketi ya m'bokosi sidzamuyankhira.