Ana Atatu a Osamu Tezuka

Pali anthu ambiri ophunzira amene amanyoza mabuku a nkhani za zithunzi, aja amene anthu ace amalankhula mau olembedwa m'timabwalo pafupi ndi pakamwa pao. Iwo amati munthu amene watsiriza sukulu ayenera kuwerenga mabuku a mau okhaokha, ndi kusiyira ana aang'ono zithunzi. Maganizo amenewa ali ndi coonadi pang'ono, pakuti mabuku ambiri otere ali ngati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma si onse ai. Amene afuna kuweruza mlandu umenewu mwacilungamo ayambe waona nchito ya Osamu Tezuka, mlembi ndi mmisiri wa zithunzi wa ku Japan, dziko limene mabuku otere amachedwa manga.

Tezuka anabadwa m'caka ca 1928 ku Toyonaka, pafupi ndi mzinda wa Osaka, namwalira ku Tokyo m'caka ca 1989. Ali mnyamata anagwira nchito m'fakitale pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndipo anaona ndi maso ace Osaka akupsa ndi mabomba m'caka ca 1945. Anaphunzira udokotala nalandira cilolezo cocizira odwala, koma anasankha colembera, ndipo pa moyo wace anajambula masamba oposa 150,000. Mwa nkhani zace zambirizo pano pasankhidwa zitatu za mitundu yosiyana: ina ya makina a m'tsogolo, ina ya ziwanda ndi zirombo, ndi ina ya nthano za ana a mafumu. Poziona kunja ziri kutali ndi kutali, koma m'kati mwace muli mlandu umodzi, wa mwana amene akulu amcita cipangizo ca zofuna zao.

Yoyamba ndi Tetsuwan Atom, imene m'Cingerezi imadziwika ndi dzina lakuti Astro Boy, ndipo inaturuka m'magazini ya anyamata kuyambira 1952 mpaka 1968. Dr. Tenma, mkulu wa unduna wa sayansi, anataya mwana wace Tobio pa ngozi ya galimoto. Pokana kubvomera imfayo anapanga mwana wa citsulo, ndiye loboti, wofanana ndi womwalirayo. Poyamba anamkonda, koma ataona kuti zaka zikupita ndipo mwanayo sakukula msinkhu, anakwiya namgulitsa kwa anthu oonetsa masewera. Kumeneko anampeza Professor Ochanomizu, namuombola, namlera.

Owerenga ambiri amakumbukira Atom cifukwa ca kuuluka kwace ndi mphamvu zace zolingana ndi za akavalo 100,000. Komatu mphamvu yeniyeni ya nkhaniyi iri pa ciyambi cace comvetsa cisonico. Atom anakanidwa cifukwa ca cinthu cimene sakanatha kucisintha, ndipo amene anamkana ndi yemwe anampanga wotero. Pambuyo pace Atom amakhala pakati pa mitundu iwiri: anthu amamtuma kukamenya maloboti anzace amene apanduka, ndipo iye amazindikira kuti ambiri a iwo anapanduka cifukwa ca nkhanza za anthu omwewo. M'cigawo ca 1964 ndi 1965, conena za loboti loopsa Pluto limene linapangidwa kuti liononge maloboti asanu ndi awiri amphamvu koposa, ngakhale Pluto yemwe amamvetsa cisoni, pakuti sacita kufuna kwace, koma kwa mwini wace wokonda ulemu. Tezuka, amene anaona nkhondo, sanalole kuti wowerenga akondwere ndi imfa ya mdani.

Yaciwiri ndi Dororo, imene inayamba kuturuka m'caka ca 1967. Iyi imabwerera ku Japan wakale wa nkhondo za mafumu. Daigo Kagemitsu, pofuna kulamulira dziko, analonjeza kwa ziwanda 48 ziwalo za mwana wace amene anali asanabadwe. Mwanayo anabadwa wopanda manja, miyendo, maso, makutu ndi zina zambiri, ndipo anamtaya pa mtsinje. Sing'anga wina, dzina lace Jukai, anamtola, nampangira ziwalo, nabisa malupanga m'mikono yopangayo. Mwanayo, Hyakkimaru, atakula anayamba ulendo wosaka ziwandazo, pakuti akapha cimodzi, ciwalo cimodzi cimamera m'thupi mwace ndipo copanga cija cimagwa pansi. Pa ulendowo amatsagana ndi Dororo, kambala kamasiye, kamene makolo ace anafa cifukwa ca nkhanza za asilikali ndi njala.

Mwa nkhani zitatuzi iyi ndiyo yolimba koposa. M'nthano zambiri cirombo cimacokera kuchire kudzabvuta mudzi, ndipo cikaphedwa anthu amabvina. Kwa Tezuka cirombo cinaitanidwa ndi mwini nyumba. Ziwanda zonse 48 sizikanatenga ngakhale cala ca mwana akanapanda kuzipatsa atate wace. Ndiponso Hyakkimaru akapulumutsa mudzi, eni mudzi sathokoza, koma amampitikitsa poopa thupi lace lacilendo. Apa wowerenga amakakamizidwa kufunsa kuti cirombo ceniceni ndi citi: ca mano ndi mcira, kapena atate wogulitsa mwana, kapena mudzi wotaya mpulumutsi wace? Palinso nzeru ina yobisika. Mkono wa mnofu umamva kuwawa ndipo sungabise lupanga. Cotero Hyakkimaru pamene akusanduka munthu wathunthu, akusandukanso wosabvuta kumlasa. Tezuka akuti umunthu uli ndi mtengo wace, koma mnyamatayo aufunabe.

Yacitatu ndi Ribon no Kishi, m'Cingerezi Princess Knight, imene inaturuka m'magazini ya atsikana kuyambira 1953 mpaka 1956, ndipo Tezuka anailembanso mwatsopano kuyambira 1963 mpaka 1966. Cifukwa ca kusewera kwa kamngelo kochedwa Tink, mwana wa mfumu ya Silverland, Sapphire, anabadwa ndi mitima iwiri, wacimuna ndi wacikazi. Lamulo la dzikolo linali lakuti mkazi sangalowe ufumu, ndipo Duke Duralumin anali kudikira kuti aike mwana wace pampando. Cotero makolo a Sapphire analengeza kuti kwabadwa mwana wamwamuna, namlera wobvala zacimuna ndi wogwira lupanga pamaso pa anthu. Tezuka anakulira ku Takarazuka, kumene kuli gulu lochuka la masewera limene akazi okhaokha amasewera mbali za amuna ndi za akazi zomwe, ndipo amai ace ankapita naye kukaonera. M'menemo ndi mmene munacokera mtsikana wa lupangayu.

Makolo a Sapphire si oipa ngati Tenma kapena Daigo. Anacita cimene anacita pofuna kuteteza dziko. Koma mtolo wa bodza lao anausenza ndi mwana, amene sanafunsidwe. Nkhaniyi iri ndi ulemu wace, pakuti inaonetsa atsikana a m'zaka zimenezo mnzao wokwera pa kavalo ndi womenya nkhondo yace yekha. Komabe ndiyo yofooka mwa zitatuzi. Mtima wacimuna ukacotsedwa, Sapphire amataya nyonga, ngati kuti kulimba mtima ndi cuma ca amuna okha. Tezuka anatsegula citseko, koma iye mwini anaima pakhomo osalowa.

Tsono nkhani zitatuzi zikaikidwa pamodzi, cimaoneka ciani? M'zonse muli mwana amene thupi lace lagwiritsidwa nchito ndi akulu: wina pofuna kutseka dzenje la maliro, wina pogula ufumu, wina posunga ufumu. M'ziwiri zoyambazo amene amalera mwanayo ndi mlendo, Ochanomizu ndi Jukai, monga ananenera akale kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Makina, ziwanda ndi angelo ndi zobvala cabe zimene Tezuka anabveka funso limodzi: kodi munthu amayamba kukhala munthu pamene ena ambvomereza, kapena ali munthu kale ngakhale onse amkane?

Wina angafunse kuti, nanga bwanji sanalembe zimenezi ndi mau okha? Yankho liri m'kajambulidwe kace. Tezuka anaphunzira zambiri ku kanema. Cinthu cimodzi, monga kutembenuka kwa munthu amene wamva mau oopsa, amatha kucigawa m'timabokosi tingapo, kuyambira patali kufikira diso lokha litadzaza bokosi lonse. Pakati pa bokosi ndi linzace pali mpata woyera, ndipo cimene cacitika mumpatamo amacimaliza ndi wowerenga m'mutu mwace. Amene athamangira mau okha adzatsiriza buku msanga osaona kanthu. Kuona maso a nkhono nkudekha. Anthu ace ndi obulungira nkhope, a maso akulu, ooneka ngati zidole, ndipo cifukwa ca ici tsoka likawagwera limabaya mtima koposa. Ali ndi cizolowezi cina cimene ena amadana naco, coponya kacinthu koseketsa pakati pa cisoni. Nthawi zina cimapumitsa mtima monga nthabwala za adzukulu pa maliro, koma nthawi zina cimangoononga nkhani pamene inafika pokoma.

Zolakwa zina ndi zazikulupo. Tezuka ankalemba nkhani zambiri nthawi imodzi, ndipo cangu cimaoneka. Dororo inadulidwa m'caka ca 1968, niyambanso kwa kanthawi m'magazini ina mu 1969, ndipo matsiriziro ace ndi othamanga, ngati munthu amene wafolera nyumba mvula iri pamutu. Koma colakwa cimene wowerenga wa mu Africa sangacilambalale ndi ici: m'mabuku ace ena, monga Jungle Taitei wa 1950 mpaka 1954, nkhani ya mkango woyera wa mu Africa, Tezuka anajambula anthu akuda ndi milomo yokulitsa ndi maonekedwe oseketsa, potsata zithunzi zonyoza zimene zinali zofala masiku amenewo. Anthu atadandaula ca m'ma 1990, osindikiza anayamba kuika mau ocenjeza m'mabuku ace. Munthu amene anaona umunthu m'mwana wa citsulo analephera kuuona bwino pa nkhope ya munthu wakuda. Ici sicifafaniza zabwino zace, koma zabwinozo nazonso sizifafaniza ici.

Cotero wowerenga wanzeru asanyoze mabuku a zithunzi cifukwa ca zithunzi zace, ndiponso asawameze osatafuna cifukwa ca kuchuka kwa mlembi. Amene angapeze limodzi lokha mwa atatuwa ayambe ndi Dororo, limene linamasuliridwa m'Cingerezi nilandira mphotho ya Eisner ku America m'caka ca 2009. Aliwerenge pang'onopang'ono, ndipo akafika pamene eni mudzi akupitikitsa mnyamata amene wawapulumutsa, aime, nadzifunse kuti iye akanakhala pamenepo akanaima mbali iti.