Luso lofunsa manambala

Pakatha chaka wophunzira waulumali atachoka kusekondale ku America, lamya imatha kulira pakhomo pawo. Woimbayo amakhala mphunzitsi wake wakale kapena munthu wina wolembedwera ntchito imeneyi, ndipo mafunso ake ndi achindunji. Kodi mwalowa koleji? Mwamalizako teremu yathunthu? Ngati muli pantchito, mumagwira maola okwana 20 pa sabata? Mwagwirako masiku 90? Nanga malipiro ake amafika pamlingo umene lamulo lidaika? Mayankho amenewa akasonkhanitsidwa amakhala chimene akatswiri a maphunziro kumeneko amachitcha muyeso wa 14.

Ndimachita naye chidwi munthu amene adaganiza za muyeso umenewu. Iye adakana kuti sukulu idziyamikire yokha pa tsiku lotsazika ana. Adati tiyeni tidikire chaka, kenako tifunse mwini wake kuti moyo ukuyenda bwanji. Apa ndi pamene pagona luso la ntchito yonseyi: kudziwa chinthu choyenera kuwerenga, nthawi yochiwerengera, ndi munthu woyenera kumufunsa.

Lusoli lidabadwa chifukwa cha vuto lenileni. Chisanafike chaka cha 1975, ana aulumali oposa 1 miliyoni ku America sankaloledwa n'komwe m'sukulu za boma. M'chaka chimenecho Pulezidenti Gerald Ford adasaina lamulo lowapatsa ufulu wa maphunziro aulere oyenerana ndi zosowa zawo. Mu 1990 lamuloli lidapatsidwa dzina loti IDEA, ndipo mu 2004 lidalamula kuti chigawo chilichonse cha dzikolo chizikhala ndi ndondomeko yake ndi kupereka lipoti chaka ndi chaka ku OSEP, ofesi ya boma lalikulu yoona za maphunziro apadera ku Washington. M'chaka cha maphunziro cha 2022-23 ana othandizidwa ndi lamuloli adali pafupifupi 7.5 miliyoni, kutanthauza ana 15 mwa 100 alionse a m'sukulu za boma. Palibe woyendera sukulu amene angalowe m'kalasi iliyonse. Manambala ndiwo amamuuza khomo loti agogodepo.

Chanzeru choyamba n'chakuti miyeso ya m'malipoti amenewa, kuphatikizapo wa 14 uja, sadaiphatikize m'dengu limodzi. Ilipo ina imene chigawo chimakambirana ndi makolo ndi aphunzitsi kuti chaka chino tifike pakuti, monga chiwerengero cha omaliza sekondale, kapena cha ana amene amakhala m'kalasi limodzi ndi anzawo kwa magawo osachepera 80 pa 100 a tsiku la sukulu. Koma ilipo ina yopanda zokambirana. Kholo likavomera kuti mwana wake aunikidwe, ntchitoyo ithe m'masiku 60 kapena m'nthawi imene chigawocho chidakhazikitsa. Mwana amene wakhala akuthandizidwa ali wakhanda apeze pulani yake ya maphunziro ili yokonzeka pa tsiku limene akukwanitsa zaka 3. Wachinyamata wa zaka 16 akhale ndi pulani ya moyo wake akadzachoka pasukulu. Pa miyeso itatu imeneyi mlingo ndi 100 pa 100, basi. Ofesi ya maphunziro ikafika pa 97, woyang'anira saombera m'manja. Amafunsa kuti atatu otsalawo ndani, ali kuti?

Chachiwiri ndi momwe mlandu umatsekedwera. Cholakwika chikapezeka, ofesi ya m'deralo imayenera kukonza msanga, osapitirira chaka chimodzi. Koma kalata yonena kuti takonza siikwanira. Woyang'anira amayamba watsegula faelo ya mwana aliyense amene adalakwiridwa kuti aone ngati adaunikidwadi, ngakhale mochedwa. Kenako amatenga mafaelo atsopano, a ana amene adabwera pambuyo pake, kuti aone ngati khalidwe lochedwa lija lidatha. Mlimi wodziwa ntchito akapeza anankafumbwe sangotaya thumba limodzi lowonongekalo, amayang'ananso m'matumba amene adalowa m'nyumba pambuyo pake. Kuyang'ana koyamba kumabweza ufulu wa mwana mmodzi, kwachiwiri kumateteza ana amene sanafike.

Chachitatu, chimene ine ndimachiona chokoma koposa, ndi kachitidwe kofufuza tsankho. Kwa zaka zambiri ku America kwakhala dandaulo lakuti ana a mitundu ina, makamaka akuda, amafulumira kutchedwa ovutika nzeru, kupatulidwa m'makalasi apadera kapena kuimitsidwa sukulu. Nanga munthu angatsimikize bwanji popanda kungoloza chala? Tiyerekeze dera lili ndi ana akuda 1,000, ndipo 30 mwa iwo alembedwa kuti ali ndi vuto la nzeru. Ana ena onse alipo 9,000, ndipo olembedwa chimodzimodzi ndi 90. Wongoyang'ana pamwamba anganene kuti 90 ndi ambiri kuposa 30, choncho palibe nkhani. Koma mmisiri amagawa kaye: 30 mwa 1,000 ndi 3 pa 100, pamene 90 mwa 9,000 ndi 1 pa 100. Mwana wakuda m'dera limeneli ali ndi mpata wowirikiza katatu wopatsidwa dzina limenelo. Masamu ake ndi a kupulayimale, koma amavundukula chimene chidabisala.

Ndipo amisiriwa amadziwa malire a chida chawo. Malamulo a mu 2016, amene adakhazikitsa njira imodzi yowerengera m'dziko lonselo, amalola chigawo kusaweruza dera pamene ana okhudzidwa safika 10, kapena pamene gulu lonse silifika 30, chifukwa pasukulu yaing'ono mwana mmodzi yekha angathe kupendeketsa sikelo. Amalolanso kuyang'ana zaka zitatu zotsatizana asanagamule. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma chigamulo chikagwa chimakhala ndi mano: deralo limayenera kupatula magawo 15 pa 100 a ndalama za IDEA kuti lithane ndi gwero la vutolo, ndiponso kuunikanso malamulo ndi machitidwe ake.

Kufunika kwa luso limeneli kumaoneka bwino tikayang'ana pamene lidasowa. Mu 2004 akuluakulu a maphunziro m'chigawo cha Texas adaika 8.5 pa 100 ngati mlingo wa ana oyenera kukhala m'maphunziro apadera, ndipo madera opitirira pamenepo ankaoneka ngati olakwa. Masukulu adamva uthengawo. Chiwerengero chidatsika kuchoka pa 11.6 pa 100 mu 2004 kufika pa 8.6 pa 100 mu 2016, osati chifukwa ana adachira ayi, koma chifukwa ambiri sankaunikidwanso. Mtolankhani Brian Rosenthal wa nyuzipepala ya Houston Chronicle adaulula nkhaniyi mu 2016, ndipo mu Januwale 2018 boma lalikulu lidagamula kuti Texas idaphwanya lamulo. Chida chidali chomwecho, manambala. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Texas nambala idasanduka lamulo louza mphunzitsi kuchuluka kwa ana amene ayenera kuwaona, pamene m'manja mwa mmisiri nambala imakhala funso lomutuma kukaona ana.

Mu 2014 ofesi ya OSEP idavomereza kuti mafaelo angathe kukhala olongosoka mwana osadziwabe kuwerenga. Idayamba kuweruza zigawo poyang'ananso zotsatira za ana, ndipo idauza chigawo chilichonse kuti chisankhe chinthu chimodzi chokha choti chilimbane nacho kwa zaka zingapo. Zigawo zambiri zidasankha luso la kuwerenga m'makalasi oyambirira. Kusankha chimodzi pakati pa mavuto ambirimbiri kumafuna kulimba mtima, chifukwa ndiye kuti walonjeza poyera pamene anthu adzakuyezere.

Tibwerere ku lamya ija. Si onse amene amayankha. Amene zinthu zikuwayendera amapezeka msanga ndipo amayankha mokondwa. Amene adasiyira sukulu panjira, amene adasamuka, amene nambala yawo idatsekedwa, ndiwo amasowa. Wina akadatha kuwerenga oyankha okhawo n'kulemba lipoti losangalatsa. Koma malamulo a muyeso wa 14 amafuna kuti chigawo chifotokozenso ngati oyankhawo akufanana ndi gulu lonse la amene adachoka, ndi kunena chimene chichite kuti chifikire magulu amene akusowa. Choncho penapake pali munthu wakhala pa desiki ndi mndandanda wa mayina amene sanayankhe, akuimbanso kachitatu madzulo anthu ataweruka kuntchito, akufunsa kwa agogo, akusiya uthenga. Iye amadziwa kuti mzere wopanda kanthu pa pepala lakelo ndi mwana wa munthu, ndipo salola kutseka buku asanamve mawu ake.