Kafukufuku wa HIV Yobisala: Wolongosoka, Koma Sanafike Kuchipatala

Mu 2011, gulu la Albert Jordan ku Barcelona linafalitsa kafukufuku mu Journal of Virology wofotokoza momwe HIV imagonera m'maselo. DNA ya munthu imakulungidwa pa mapuloteni otchedwa histone, ndipo mapuloteni ena, monga Spt6 ndi FACT, amanyamula ma histone n'kuwabwezera m'malo mwake. Akatero, kachilombo kamene kalowa mu DNA kamakhala chete, pomwe ma ARV sangakachotse. Ofufuzawo atachepetsa mapuloteniwa, kachilomboko kanadzuka.

Ntchitoyi ndi yolongosoka, koma ili ndi malire. Inachitika m'maselo a Jurkat okulira mu labotale, osati m'thupi la wodwala. Kafukufuku wotere amadalira kwambiri HIV ya mtundu B, pomwe ku Malawi wofala ndi mtundu C. Komanso selo lililonse limafuna mapuloteniwa, choncho kuwazimitsa kungavulaze thupi.

Ku Chiradzulu, kumene MSF inayamba kupereka ma ARV mu 2001, alangizi a zaumoyo ndi odzipereka atengepo uthenga umodzi: kachilombo kakasiya kuoneka m'magazi sikuti katha. Munthu akasiya kumwa mankhwala, kamadzukanso.