Nthano ya Fisi Wokwatira Namwali: Cimene Iphunzitsa ndi Cimene Isiya

Mwa nthano zonse zimene agogo athu akamba madzulo, iripo imodzi imene mphunzitsi aliyense wa m'boma la Neno ayenera kuisanthula bwino asanaitengere m'kalasi. Ndiyo ija ya namwali amene anakwatiwa ndi fisi. Nthanoyi njakale ndithu. Alice Werner, amene anakhala m'dziko muno m'zaka za m'ma 1890, anailemba m'Cingerezi m'buku lace lotuluka m'caka ca 1933, ndipo kufikira lero ikambidwa m'midzi yambiri, pena ndi mau osiyana pang'ono. Pano tifuna kuiyesa ndi muyeso umodzi wokha: kodi imthandiza bwanji mwana amene azembetsedwa ndi kugwiritsidwa nchito ngati kapolo, ndipo ilephera pati?

Mutu wace ndi uwu. Namwali wina wokongola akana anyamata onse a m'mudzi mwao. Kudza mlendo wobvala bwino, wa mau okoma, ndipo namwaliyo amlola msanga. Mlendoyo apempha kumtenga kunka naye kwao. Kamlongo kace ka namwaliyo, kamnyamata ka maso a manthongo, kawatsata pambuyo ngakhale alikukapirikitsa, ndipo pofika akagoneka m'khola la nkhuku. Pakati pa usiku kamva afisi alikuzungulira nyumba, nayimba kuti adzamdya mkaziyo akanenepa. M'mawa kauza mlongo wace, koma iye akana kukhulupirira. Tsono kamanga cingwe ku cala ca phazi lace, ndipo usiku wotsatira kakoka cingweco kuti adzuke, adzimvere yekha. Pomaliza kasema cinguli cacikulu, kacimangirira ku dengu, ndipo awiriwo auluka nabwerera kwao, afisi atatsala kukamwa kuli yasa.

Zimene nthano iona bwino

Coyamba coyamika ndi cakuti fisi wa m'nthanoyi sadza ndi maanga ace poyera. Adza ngati munthu waulemu, wodziwa kupereka moni ndi kugwada pamaso pa akulu. Makolo amene anaipeka anadziwa kuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Ozembetsa ana a masiku ano acita cimodzimodzi. Salanda mwana ndi cibonga, koma alonjeza nchito ya m'nyumba ku Blantyre, malipiro a pa mwezi, sukulu yabwino kapena ukwati. Ana otengedwa motere m'Malawi apezeka alikuweta ng'ombe ndi mbuzi, kulima fodya, kuumba njerwa, kugwira nchito za m'nyumba, ndipo atsikana ena agwiritsidwa nchito ya uhule m'malo omwera mowa. Ena aolotsedwa malire kunka ku Mozambique, Zambia ndi South Africa.

Caciwiri ndi ulendo. Pa mwambo wa Acewa ndi Amang'anja mwamuna ndiye akakhala kwa mkazi pa cikamwini, kumene malume ndi mbumba yonse amuona makhalidwe ace tsiku ndi tsiku. Kutenga mkazi pa citengwa kucitika abale atabvomera ndi kudziwa kumene mwana wao apita. Coopsa ca m'nthanoyi cigona pakuti namwali acoka pamaso pa abale ace, nanka kumene palibe womdziwa dzina. Mphamvu ya fisi ndiyo mtunda. Ici cimveka msanga ku Neno, boma limene linapatulidwa ku Mwanza m'caka ca 2003. Kumadzulo kwace licita malire ndi cigawo ca Tete ca ku Mozambique, ndipo pa Zalewa, pafupi ndi mlatho wa pa Shire, payambira mseu waukulu wopita ku cipata ca Mwanza, umene upitirira ku Tete, Zimbabwe ndi Johannesburg. Mwana wocoka m'dera la Dambe kapena Symon m'mawa akhoza kugona m'dziko la eni tsiku lomwelo, wopanda ndalama, wopanda cikalata, wosadziwa njira yobwerera.

Cacitatu, ndipo apa ndi pamene pali luso lenileni la nthanoyi, ndi kusankha kwa mboni. Amene aona zoona si mfumu kapena nkhoswe, koma kamwana konyozeka, ka maso odwala, kogona ndi nkhuku. Wa maso odwala ndiye apenya, a maso abwino ali m'tulo. Taonaninso kuti namwali akana mau a mlongo wace poyamba. Wopeka nthano anamdziwa munthu: wonyengedwa safulumira kubvomera kuti ananyengedwa, pakuti kubvomera kuli ndi manyazi ndi mantha. Cifukwa cace kamnyamata sikatsutsana naye kapena kumtukwana. Kamanga cingwe, nikadikira kuti adzimvere ndi makutu ace. Kuleza mtima kumeneku ndi phunziro lalikulu kwa mphunzitsi.

Pamene nthano ilakwa

Komatu nthano yokoma ikhoza kunyamula ciweruzo cokhota. Okamba ambiri aitseka ndi mwambi wakuti mtsikana asamanyada, asamakane anyamata a kwao, kotero kuti mlandu wonse ugwera namwali. Nanga malume anali kuti? Ankhoswe anafunsa kwao kwa mlendoyo? Ndani anatumidwa kukaona mudzi wace? Nthano ikhala cete pa zonsezi, ndipo akulu atuluka m'mlandu manja ali oyera. Kunena zoona, cimene cicotsa ana ambiri pakhomo ndi njala, umasiye ndi kusowa yunifolomu kapena sopo, ndipo kawirikawiri wamkulu wina wa pabanja ndiye abvomera kuti mwana apite. Lamulo la dziko lathu laweruza mosiyana ndi nthano. Lamulo loletsa kuzembetsa anthu la caka ca 2015 lipereka cilango cofika zaka 14 m'ndende kwa wozembetsa munthu wamkulu, ndi zaka 21 kwa wozembetsa mwana, ndipo kulola kwa mwanayo sikupulumutsa wolakwa. Kuyambira m'caka ca 2017, pamene Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo akulu a dziko, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo saloledwa kulowa m'banja. Tsono mphunzitsi amene atseka nthanoyi ndi kudzudzula namwali aphunzitsa ana cinthu cimene lamulo linakana.

Colakwa cina ndi cakuti nthano iika fisi kutali, kwa alendo osadziwika. Mwana woimva aphunzira kuopa nkhope yacilendo yokha, pamene wodza kudzamtenga nthawi zambiri ndi munthu wodziwika, wacibale kapena wa m'mudzi momwemo amene anabwera kucokera ku tauni ndi foni yatsopano. Ndiponso afisi salangidwa. Atsala m'mudzi mwao ali ndi njala, ndipo palibe cowaletsa kubvalanso khungu la munthu ndi kukafunsira namwali wina.

Koma cosowa cacikulu ciri ku mapeto. Dengu litangotera pabwalo, nthano itha. Sitimva ngati namwali anagona tulo usiku umenewo, ngati anzace a kumtondo anamlandira kapena anamseka, ngati anapeza womuuza zimene anaona. Kwa wokamba nthano, kufika kwao ndiko cipulumutso conse. Kwa mwana weniweni wobwera kucokera ku munda wa fodya kapena ku nyumba ya mowa, kufika kwao ndi ciyambi cabe ca bvuto lina. Abwera ali wodwala, pena ali ndi pakati, watsalira m'maphunziro, ndipo umphawi umene unamcotsa ukali pakhomo pomwepo. Akalandiridwa ndi citonzo, sacedwa kutsata fisi waciwiri.

Mphunzitsi acitenji nayo

Sitinena kuti nthanoyi itayidwe ai. Ikambeni ndi nyimbo yace monga anaikambira agogo, pakuti ana aikonda. Koma mukatha, afunseni ana mafunso amene nthano inasiya. Akulu a m'mudzi akanafunsa ciani asanalole? Kukanakhala kuti kamnyamata sikanatsate, namwali akanauza yani? Kwa ana a Sitandade 6 kufikira 8, apatseni nchito yolemba cigawo cotsatira ca nthano, tsiku loyamba namwali atabwera kwao. M'zolemba zao mudzaona ngati mitima yao ipendekera ku cifundo kapena ku citonzo, ndipo pomwepo ndi pamene muyambire kuphunzitsa.

Kumbukiraninso kuti cingwe ca pa cala cirinso m'manja mwanu, ndico buku loitanira maina m'mawa uliwonse. Mwana akajomba masiku angapo, funsani anzace, pakuti ana ndiwo ayamba kudziwa amene wapita ndi amene anadza kudzamtenga. Mau ao musawagoneke m'khola la nkhuku. Uzani mphunzitsi wamkulu, ndipo pamodzi mudziwitse mfumu, gulu la amai a pasukulu, ofesi yoona za cisamaliro ca anthu ku boma, kapena nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa imene aicha Victim Support Unit. Nambala ya 116 iimbidwa kwaulere pa nkhani za ana. Musayese kulondola wozembetsa nokha, imeneyo ndi nchito ya apolisi.

Mwana akabwera, mthandizeni kuonana ndi adokotala ku cipatala ca Neno kapena ca Lisungwi, ndipo mbwezeni pa mpando wace m'kalasi. Ngakhale mtsikana amene anabereka ali ndi ufulu wobwerera ku sukulu, monga boma linalolera kuyambira m'caka ca 1993. Musamfunse za kumene anali pamaso pa anzace, musamchule ngati citsanzo, ndipo ngati alipo m'kalasi, nthanoyi iyambe yadikira. Akafuna kulankhula, mverani osamdula mau kapena kumfunsa cifukwa cace analola. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nthano inamfikitsa namwali pabwalo nimsiya pomwepo, ndipo kumlowetsa m'nyumba kwatsalira inu aphunzitsi a mawa.