Njovu Ziwiri ndi Bowo Pakati

Ndalama zimene zadutsa m'manja mwa anthu a ku Ulongwe, ku Angónia m'dziko la Mozambique, n'zamitundumitundu. Pamene tauniyi inkatchedwa Vila Coutinho, msonkho unkaperekedwa ndi escudo ya Apwitikizi. Koma Dedza ili pafupi, ndipo kobiri la ku Nyasaland silinkafunsidwa chitupa pamalire. Amuna opita ku Joni ndi ku Salisbury ankabwera ndi matiki ndi masheleni. Metical inafika pa 16 June 1980, kenako nkhondo inabalalitsira anthu ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo pobwerera utadza mtendere wa 1992 anatenga matambala a nkhope ya Kamuzu. Zotsala zonsezi zinakathera m'zitini za agogo, pamodzi ndi mabatani ndi makiyi a maloko otayika kalekale.

Kufupi ndi msika kuli bambo ena okonza mawotchi ndi mawailesi amene amadziwa kuwerenga zitini zoterezi. Munthu akabwera nacho chitini, iwo amayamba ayala kansalu pathebulo, n'kukhuthula pang'onopang'ono kuti ndalama zisakandane. Zofiira amakankhira uku, zoyera uko. Iliyonse amaigwira m'mphepete ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, pankhope pake sakhudzapo, chifukwa thukuta la chala limasiya chidindo pa mkuwa chimene sichichoka. Chaka amachiyang'ana pomaliza. Ambirife timathamangira chaka, ndiye chifukwa chake timapusitsika.

Choyamba ndi khutu. Ndalama yoyera amaikhazika pansonga ya chala n'kuigogoda pang'ono ndi inzake. Ya siliva imalira ngwee, kulirako n'kumapitirira. Yosakaniza mkuwa ndi nikelo imangoti gwa, basi. Apa anthu ambiri amakhumudwa, poti kwa iwo choyera chilichonse ndi siliva. Ndalama wamba za Southern Rhodesia zinasiya siliva itatha 1946. Masheleni wamba a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland alibe siliva ngakhale pang'ono, chimodzimodzi aja a Malawi a 1964, okhala ndi chimanga. Koma 20 escudos ya 1952 kapena ya 1955 ikagogodedwa imayankha bwino, ndipo bambowa amaibweza kukhutu kachiwiri ngakhale adziwa kale yankho.

Kenako maginito, amene anachotsa m'sipika ya wailesi yakufa. Mkuwa sukakamira maginito. Tambala imodzi ya 1971 siimva kanthu, pamene zina za m'zaka za m'mbuyo mwake, zimene ndi chitsulo chongokutidwa mkuwa, zimadumphira pomwepo. Kuyesa komweku ndi kumene osonkhanitsa ndalama a ku America amadalira. Mu 1943, mkuwa ukufunika kunkhondo, dzikolo linasula masenti ake ndi chitsulo, koma ochepa anasulidwa ndi mkuwa molakwitsa, ndipo lero amagulidwa ndi ndalama zomangira nyumba zingapo. Akathyali amatenga lachitsulo n'kulipaka mkuwa. Maginito amawaulula nthawi yomweyo.

Chimene chimabwera kawirikawiri ndi kobiri labowo la Chitaganya, losulidwa pakati pa 1955 ndi 1963. N'lokongola ndithu: njovu ziwiri zaimirira ndi miyendo yakumbuyo, ina uku ina uku, bowo pakati, chisoti chachifumu pamwamba. Mutu wa Mfumukazi Elizabeth palibe, pali dzina lokha, chifukwa bowo likanaboola nkhope. Theka la kobiri lili ndi akadyansonga. Mphekesera imayenda m'minibasi ndi pa WhatsApp yoti makobiri amenewa akugulidwa mamiliyoni, ndipo achinyamata amafika maso ali gwa.

"Bambo, akuti ili ku Lilongwe akulifuna kwambiri."

"Akuti ndani, mwanawe? Tabwera nalo kuno tione makutu a njovu."

Amatenga galasi lawo la mawotchi lija, n'kupendeketsa kobiri kuti kuwala kubwere cham'mbali. Pamalo otukuka ndi pamene pamayamba kutha: khutu la njovu, phewa lake, timikanda ta pachisoti. Ngati khutu langosanduka chigamba chosalala, kobirilo linayenda misika yambiri, ndipo anzake otero alipo mamiliyoni. Ngati mizere ya m'khutu ikuonekabe yakuthwa, ndipo pakati pa zilembo patsala kunyezimira kofiirira kwa tsiku losulidwa, apo amakhala chete kanthawi. Amayang'ananso m'mphepete mwa bowo. Ambiri mwa makobiriwa anavalidwa pachingwe kapena kukhomeredwa pamsomali wa malata, ndipo chingwe chimadya mkuwa mbali imodzi mpaka bowo kukhala ngati dzira. Wogula mbuzi amaitsegula kukamwa. Bambowa amayang'ana m'bowo.

Chimene chimawapweteka mtima ndi kobiri lotsukidwa. Munthu pofuna kukondweretsa wogula amalikwecha ndi phulusa, ndimu kapena mchenga, lifike likuwala. Pansi pa galasi limaoneka lodzala timizere tolowera mbali imodzi, ndipo khungu lakuda bii limene zaka 60 zinaphimba nalo mkuwa, limene osonkhanitsa amalifuna, lapita losabwereranso. Ine ndimaona kuti apa mpamene luso lawo limasiyana ndi la wamalonda wamba: amakonda dzimbiri loyenera, ndipo amalisiyanitsa ndi lija lobiriwira limene limadya ndalama.

Chaka chikafika nthawi yake, sachiwerenga monga ife. Amayang'ana manambala ngati ali ofanana msinkhu, ngati akhala pamzere umodzi, ndiponso ngati pansi pozungulira nambala yomaliza sipanakumbidwe. Kobiri la ku Britain la 1933 linasulidwa pafupifupi 7 okha, ena n'kukwiriridwa pansi pa maziko a nyumba. Lina linabedwa pansi pa tchalitchi ku Middleton, mumzinda wa Leeds, mu 1970. Chotsatira chake, makobiri ambiri a zaka zoyandikana nacho asemedwa nambala yomaliza kuti ikhale 3. Bambowa sayembekezera kuliona. Koma tiki ya ku South Africa iliyonse amaiwerenga chaka mosamala, chifukwa ya 1931 inasulidwa yochepa zedi, ndipo amuna a ku Angónia anagwiradi ntchito kumigodi m'zaka zimenezo. Mwayi ndi wochepa, koma njira yoti ifikire kuno inalipo.

Palinso tinthu tina tosapatsa ndalama timene amangokondwera nato. Anandionetsa matambala awiri, n'kundifunsa kusiyana kwake. La 1971 lalembedwa MALAWI, linzake la zaka za patsogolo lili ndi kachizindikiro pamwamba pa W. Ndinali nditagwira ndalama zimenezi kuyambira ubwana osakaona.

Ndalama yosowa kwenikweni ya dziko lino sinalowepo m'chitini cha agogo aliyense. Mozambique italandira ufulu mu 1975, kunasulidwa ndalama zotchedwa metica, za chaka chomwecho, zokhala ndi nkhope ya Samora Machel. Sizinatulutsidwe kuti anthu azigulira, ndipo escudo inapitiriza ntchito mpaka 1980. Zochepa zimene zinapulumuka zili m'manja mwa osonkhanitsa. Bambowa amazidziwa pa zithunzi, ndipo akuti wina atabwera nayo yokutha ngati yayenda m'misika, angayambe aikayikira, chifukwa ndalama imene sinagulepo mchere ingathe bwanji? Atabwera nayo yakuthwa bwino, angaiyese pasikelo yaing'ono, aiyerekeze ndi chithunzi chilembo ndi chilembo, ndipo akakhutira angamuuze mwiniwake kuti asawagulitse iwo, apite nayo ku Maputo kumene kuli nyumba yosungira ndalama zakale akaionetse kaye.